John Steinbeck ndi The Pearl: kodi ankatiuzadi kuti tizikhutira ndi umphawi?

Funso: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4 ndipo akuwerenga buku la John Steinbeck lotchedwa The Pearl. M'manotsi ake mwalembedwa kuti phunziro la bukuli ndi lakuti munthu azikhutira ndi zomwe ali nazo, chifukwa chuma chimaitana tsoka. Inenso ndaliwerenga, koma mtima wanga ukukana. Kodi mlembiyu anali munthu wotani, ndipo zimenezi n'zomwedi ankafuna kunena? Alipo mabuku ake ena oti mwanayu angawerenge?"

Mayi, mtima wanuwo sukukunamizani. Mfundo yoti munthu akhale pomwe adabadwira, asamatukule mutu, ilimo ndithu m'bukumo, koma tiyang'ane kuti ikutuluka m'kamwa mwa ndani. Tsegulani mutu 4, pomwe Kino, msodzi wosauka yemwe wapeza ngale yaikulu m'nyanja, akupita kukaigulitsa limodzi ndi mkulu wake Juan Tomás. Ali m'njira akukumbutsana kuti makolo awo, atatopa ndi mitengo yachipongwe ya ogula a m'tauni ya La Paz, adasonkhanitsa ngale zawo n'kutuma munthu mmodzi kuti akazigulitse ku likulu la dziko. Munthuyo sadabwerenso. Adatumanso wina, nayenso adapitiratu. Wansembe wa m'tauniyo adasandutsa nkhaniyi ulaliki wa chaka ndi chaka, wakuti kutayika kwa ngalezo chidali chilango kwa anthu ofuna kuchoka pamalo pomwe Mulungu adawaika. Pokumbutsana ulalikiwu, abale awiriwa akungotsinzinira pang'ono, monga momwe makolo awo adakhala akuchitira kwa zaka 400 pamaso pa alendo omwe adabwera ndi mfundo zawo, ulamuliro ndi wonga wa mfuti. Munthu wolemba chonchi sali kumbali ya wansembeyo. Ndiye mwana akalemba kuti phunziro la bukuli ndi "khutira ndi zako" basi, wabwereza ulaliki womwe mwini bukulo amaukayikira.

Moyo wa mlembiyu ndiwo ukutsimikiza zimenezi. John Steinbeck adabadwa pa 27 February 1902 ku Salinas, m'chigawo cha California ku America, m'chigwa cha minda ikuluikulu. Kwawo sikudali kwa amphawi. Bambo ake adakhalapo msungichuma wa dera la Monterey County, ndipo mayi ake, Olive Hamilton, adali mphunzitsi asanakwatiwe. Komabe ali mnyamata ankagwira ganyu m'minda ya kampani ya shuga ya Spreckels, limodzi ndi anthu oyendayenda osaka ntchito, ena mwa iwo ochokera ku Mexico. Ku yunivesite ya Stanford ankalowa ndi kutuluka kuyambira 1919 mpaka 1925, ndipo adachokako wopanda digiri. Adapita ku New York komwe ankakankha wilibala ya simenti pomanga holo ya Madison Square Garden, kenako adayesa utolankhani koma adamuchotsa. Mabuku ake atatu oyamba, kuyambira ndi Cup of Gold la mu 1929, sadagulidwe kwenikweni. Iye ndi mkazi wake woyamba, Carol Henning, ankakhala m'kanyumba ka bambo ake ku Pacific Grove. Dzina lake lidayamba kumveka mu 1935 ndi buku la Tortilla Flat.

Zaka zomwe zidamuumba kwenikweni ndi za pakati pa 1936 ndi 1939. Nthawi imeneyo chuma cha America chidali chitagwa, ndipo m'zigawo za Oklahoma, Texas ndi Kansas mudagwa chilala chomwe chidasandutsa nthaka fumbi louluka ndi mphepo. Mabanki ndi eni malo adayamba kuthamangitsa matenanti m'minda, chifukwa munthu mmodzi wokhala ndi thirakitala ankalima malo omwe kale ankalimidwa ndi mabanja angapo. Mabanja zikwizikwi adapakira katundu pa magalimoto akutha n'kutsata msewu wa Route 66 kulowera ku California. Mu 1936 nyuzipepala ya San Francisco News idatuma Steinbeck kukaona anthu amenewa, ndipo mu October chaka chomwecho idasindikiza nkhani zake zisanu ndi ziwiri pa mutu wakuti The Harvest Gypsies. Yemwe ankamuperekeza m'misasa adali Tom Collins, woyang'anira msasa wa boma wa ku Arvin. Mu February 1938, madzi atasefukira ku Visalia, awiriwa adakagwira ntchito yothandiza mabanja omwe ana awo ankafa ndi njala m'matenti onyowa. Ukali womwe adabwera nawo kumeneko adayamba wautsanulira m'buku lonyoza eni minda a ku Salinas, koma ataliwerenga adaona kuti ndi la chidani chokhachokha, ndipo adaliwononga. Kenako adakhala pansi n'kulemba The Grapes of Wrath m'masiku ogwira ntchito pafupifupi 100, mpaka October 1938. Carol ndiye ankataipa, ndipo mutu wa bukulo adaupeza ndi iyeyo.

Bukuli lidatuluka mu April 1939, ndipo chaka chisanathe makope oposa 400,000 adali atagulidwa. Mu 1940 lidapata mphotho ya Pulitzer. Koma ku California eni minda adapsa mtima: akuluakulu a Kern County adaliletsa m'malaibulale ndi m'masukulu mu August 1939, ena adaliwotcha poyera, ndipo mlembi wake ankamutcha wabodza ndi wachikomyunizimu. Muli kachigawo m'bukumo komwe kangamuthandize mwana wanu kumvetsa The Pearl. Banja la a Joad lanyamuka chifukwa cha kapepala kolengeza kuti kukufunika anthu 800 okolola m'minda. Pamsasa wina akumana ndi munthu wobwerera kuchokera ku California, yemwe akuwamasulira chinyengo chake: wofuna anthu 800 amasindikiza mapepala 5,000, omwe amawerengedwa ndi anthu mwina 20,000. Pofika tsiku la ntchito, anthu anjala achuluka kuposa ntchitoyo, ndipo malipiro amatsika okha. Kutsogoloku a Joad akuthyola mapichesi pa masenti asanu bokosi limodzi, ndipo sitiraka ikangothyoledwa mtengo ukutsika kufika pa masenti awiri ndi theka. Steinbeck ankakonda kuonetsa ndondomeko yeniyeni ya momwe mmphawi amadyeredwera masuku pamutu, mpaka manambala ake. Zimenezi ndi zomwe adachitanso ndi ogula ngale a ku La Paz.

Palinso munthu wina yemwe tikapanda kumutchula ndiye kuti sitidamudziwe Steinbeck. Ameneyu ndi Ed Ricketts, katswiri wa zamoyo za m'nyanja, yemwe adali ndi labotale yake ku Monterey ndipo adakumana ndi Steinbeck mu 1930. Ricketts adamuphunzitsa kuyang'ana chinthu momwe chilili, asanathamangire kufunsa kuti wolakwa ndani kapena kuti chidayenera kukhala bwanji. Adamuphunzitsanso kuona anthu ngati zamoyo zokhala m'gulu, zodyana ndi zodalirana. Maso amenewa ali ponseponse mu The Pearl. M'mutu 1 Kino akuonerera nyerere itakodwa m'kadzenje ka mumchenga komwe kachilombo kena kakumba, ndipo sakuithandiza. Mutu 3 ukuyamba ndi kufanizira tauni ndi nyama imodzi yokhala ndi mitsempha yake, momwe mbiri ya ngale ikuthamanga kuposa ana othamangitsa uthenga. Ndipo dokotala atangotuluka m'nyumba ya Kino atamwetsa mwana mankhwala, mlembi akutitembenuzira kunyanja komwe nsomba zikuluzikulu zikuthamangitsa ting'onoting'ono. Mwana wanu akafunsidwa za zizindikiro, zitsanzo zake ndi zimenezi.

Nkhani ya ngaleyi adaitola pa ulendo womwe adayenda ndi Ricketts mu March ndi April 1940, pa boti la asodzi lotchedwa Western Flyer, kukatolera zamoyo za m'nyanja ya Gulf of California ku Mexico. Adailemba mwachidule m'buku la ulendowo, Sea of Cortez, la mu 1941. Mmenemo wopeza ngaleyo ndi mnyamata wosakwatira, ndipo zomwe akulota ndi mowa, akazi, ndi kulipiriratu misa za mzimu wake. Ogula atamunyenga, achifwamba atamumenya, akuiponya m'nyanja n'kumasuka. Nkhani imeneyo ikadakhala momwemo, manotsi a mwana wanu akadakhala olondola. Koma taonani zomwe Steinbeck adasintha polemba The Pearl, yomwe idayamba kutuluka m'magazini ya Woman's Home Companion mu December 1945 isanakhale buku mu 1947. Mnyamata uja adamupatsa mkazi, Juana, ndi khanda, Coyotito. Adaonjezera chinkhanira ndi dokotala. Ndipo zokhumba zake adazisintha. Kino akayang'ana m'ngale muja akuona ukwati wa kutchalitchi womwe sadathe kulipira, zovala zatsopano, mkondo wophera nsomba wolowa m'malo mwa womwe udatayika, mfuti, ndipo pamwamba pa zonse akuona Coyotito atakhala pa desiki kusukulu. Palibe kholo lomwe lingatche zimenezi dyera.

Chifukwa chomwe sukulu ili pamwamba chikuoneka bwino pa nkhani ya dokotala, ndipo mutu 3 ndi woyenera kuuwerenga mofatsa. Poyamba dokotalayu wakana kuona mwana wolumidwa ndi chinkhanira chifukwa Kino wabwera ndi tingale tisanu ndi titatu tosaumbika bwino. Juana adali atayamwa kale ululu pabalapo, kenako akuikapo ndere za m'nyanja, ndipo kutupa kukuphwa. Atamva za ngale yaikulu, dokotala akubwera usiku osaitanidwa. Akutsegula chikope cha mwana n'kuuza Kino kuti ululu wabisala mkati ndipo ubweranso. Akumumwetsa kapisozi wa ufa woyera, akulonjeza kubweranso pakatha ola limodzi, ndipo m'ola lomwelo mwana akuyamba kusanza ndi kuphiriphitha. Pobwera kachiwiri akumudonthezera ammonia m'madzi, n'kunena kuti wamupulumutsa. Kino akukayikira, koma alibe pogwira: iye sadziwa zomwe zili m'mabuku, ndipo sangaike moyo wa mwana wake pachiswe potsutsa munthu yemwe mwina akudziwa. Ndi msampha umenewu womwe akufuna kuti mwana wake adzatulukemo. Onaninso kuchenjera kwa dokotalayu pa nkhani ya malipiro. Akunamizira kuti sadamve za ngale, akudzipereka kuti akamusungire m'sefa yake, uku akuyang'anitsitsa maso a Kino kuti aone komwe athawire. Maso a Kino akugwera pakona pomwe adaikwirira. Usiku womwewo wakuba akubwera kudzafukula pamalo pomwepo.

Ogula ngale nawo ndi chimodzimodzi. M'tauni muli maofesi angapo, koma mlembi akutiuza poyera kuti onse ndi antchito a munthu mmodzi, ndipo adagwirizana kale. Aliyense amene adagulitsapo mbewu kwa mavenda omwe apangana mtengo m'mawa, sikelo iliyonse n'kumatchula chimodzimodzi, akudziwa momwe Kino akumvera. Wogula woyamba amakonda kuseweretsa kandalama kachitsulo pa zala zake kuseri kwa tebulo. Ngale itangoikidwa patsogolo pake, nkhope yake siikusintha, koma kandalama kaja kakupulumuka n'kugwera pamiyendo. Dzanja laulula zomwe pakamwa pakubisa. Akuti ngaleyo yakula mopitirira, palibe angaigule, ndipo akutchula mapeso 1,000. Kino akuti ndi ya 50,000. Oitanidwa kudzatsimikiza akuinyoza, mmodzi akutchula 500, ndipo Kino atailanda, woyamba uja akukweza msanga kufika 1,500. Kukweza kumeneku ndi umboni wokwanira kuti Kino sadalakwe kukana.

Komabe tisawataye manotsi aja onse, chifukwa mbali ina akunena zoona. Ngale ija ikumusinthadi Kino. Juana atayesa kukaiponya m'nyanja usiku, Kino akumumenya kumaso ndi kumuponda, munthu yemwe m'mutu 1 ankamva nyimbo ya banja m'kaphokoso ka mkazi wake akupera chimanga pamphero. Pambuyo pake akuuza mkulu wake kuti ngaleyo yasanduka mzimu wake. Pofika kumapeto wapha anthu anayi: mmodzi panjira ya kugombe, ndi atatu omwe ankamulondola kumapiri. Steinbeck naye adali atalawa kuwawa kwa mwayi wadzidzidzi. Kutchuka kwa The Grapes of Wrath kudamubweretsera ndalama pamodzi ndi adani ndi opempha, banja lake ndi Carol lidatha, ndipo atabwerera ku Monterey mu 1944, nthawi yomwe ankalemba The Pearl, adadandaula kuti kwawoko sakumulandiranso ngati kale. Choncho mantha a chuma alimo. Chomwe ndikukana ndi kunena kuti tsoka lidabwera chifukwa Kino adalakalaka zabwino. Bwato lake, lomwe agogo ake adabwera nalo kuchokera ku Nayarit, adaliboola ndi anthu ena. Nyumba yake adaiwotcha ndi anthu ena. Chiwawa chake chikukula chifukwa njira iliyonse yachilungamo yogulitsira chinthu chake yatsekedwa. Mlembi mwiniwake, m'mawu otsogolera bukuli, adanena kuti ngati nkhaniyi ndi fanizo, mwina aliyense atengapo tanthauzo lake. Sadafune kuti itsekeredwe m'mwambi umodzi, ngakhale uja wa ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada, womwe ophunzira ambiri amaufikira msanga.

Pa mayeso, mwana wanu asaope kulemba za dyera, koma atchule eni ake ndi umboni: dokotala yemwe akulota kubwerera ku Paris, wansembe yemwe akuganiza zokonzetsa tchalitchi, ogula, ngakhale opemphapempha a pakhomo pa tchalitchi. Za Kino alembe kuti akusintha, ndipo aonetse masitepe a kusinthako mutu ndi mutu. Cholakwika chomwe chimadya malikisi kwambiri ndi kungofotokozanso nkhani yonse m'malo moyankha funso. Yankho labwino limatchula mfundo, kenako chochitika chimodzi chenicheni, kenako n'kunena chomwe chochitikacho chikuonetsa. Ena amasokoneza malo n'kulemba kuti nkhaniyi ikuchitikira ku America chifukwa mlembi ndi wa kumeneko, chonsecho ndi ku La Paz, m'chigawo cha Baja California Sur ku Mexico. Ena amalemba kuti Kino ndiye adapha mwana wake. Chomwe chikuchitika n'chakuti Coyotito akulira m'phanga, mlondoli wa mfuti akuyesa kamwana ka coyote, nyama yonga nkhandwe, ndipo akuwombera komwe kukuchokera kulirako Kino ali m'malere kumudumphira.

Mpangankhani yemwe amachepetsedwa kwambiri ndi Juana. Ambiri amangoti ndi mkazi womvera. Koma ndi iyeyo amene akulamula kuti aitane dokotala pomwe mudzi wonse ukudziwa kuti dokotala sabwera kunyumba za udzu, ndipo atamva zimenezo akuti ndiye tipita ndife. Ndi iyeyo woyamba kuona kuti ngale iwawononga. Atatola ngale ija panjira Kino atapha munthu, akuibweza kwa mwamuna wake, chifukwa waona kuti moyo wakale watha ndipo kuitaya sikungaubweze. Kumapiri akukana katatu konse kuti asiyane. Ndipo pobwerera ku La Paz awiriwa akuyenda mogundizana mapewa, pomwe kale Kino ankatsogola Juana ali pambuyo. Kino wanyamula mfuti yomwe ankailota ija, Juana wanyamula mtembo wa mwana m'nsalu. Pagombe Kino akumupatsa ngale kuti aponye, iye akumubwezera kuti aponye yekha. Mwana yemwe angafotokoze bwino kayendedwe kameneka ndiye kuti bukuli walimva.

Njira yowerengera ndi yosavuta, poti mitu ndi isanu ndi umodzi yokha ndipo m'makope ambiri masamba safika 100. Awerenge mutu umodzi patsiku, mokweza ngati n'kotheka, chifukwa Steinbeck adalemba bukuli ngati nthano yokambidwa pakamwa, akuganiziranso za filimu yomwe Emilio Fernández adajambula ku Mexico. Pambali akhale ndi kope momwe azilemba nthawi iliyonse yomwe nyimbo yamveka m'mutu mwa Kino, kaya ya banja, ya zoipa, ya mdani kapena ya ngale, ndi yemwe wangolowa kumene pamalopo. Adzaona yekha kuti nyimbo ya zoipa ikumveka ngakhale pa kubwera kwa wansembe.

Za moyo wake wotsatira, mwachidule: mu 1943 adali mtolankhani wa kunkhondo ku Ulaya, mu 1945 adatulutsa Cannery Row momwe mpangankhani Doc adamuumba potengera Ricketts, ndipo mu 1948 adataya Ricketts, yemwe galimoto yake idagundidwa ndi sitima, chaka chomwechonso banja lake lachiwiri ndi Gwyn Conger, mayi wa ana ake aamuna awiri, lidatha. Adakwatira Elaine Scott mu 1950. East of Eden, lomwe iye ankaliona ngati buku lake lalikulu, lidatuluka mu 1952. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1962, ngakhale otsutsa ena ku America ankati ntchito yake yabwino idatsalira m'zaka za m'ma 1930. Pamenepo ali ndi mfundo, ngakhale The Pearl ndi East of Eden akuwatsutsa. Adamwalira ku New York pa 20 December 1968, ndipo phulusa lake lidaikidwa ku Salinas.

Mayeso akatha, ayambe ndi Of Mice and Men la mu 1937. Ndi lalifupi ngati The Pearl, ndipo funso lake ndi lomwelo: George ndi Lennie amalandira madola 50 pamwezi pafamu, akulota kamunda ka madola 600, ndipo nkhalamba Candy italonjeza kuikapo 350, malotowo akuoneka ngati atheka. Dziwiranitu, mayi, kuti muli mawu otukwana ndi onyoza anthu akuda, omwe akutuluka m'kamwa mwa antchito a pafamupo polankhula za Crooks, mnzawo wachikuda, choncho ndi bwino mukambirane naye. The Red Pony ndi lofewerapo Chingerezi chake, la mnyamata wokulira pafamu. The Grapes of Wrath lidikire mpaka atazolowera, chifukwa lili ndi mitu 30 ndipo ampangankhani amalankhula Chingerezi cha kumudzi ku Oklahoma, cholembedwa momwe chimamvekera, moti mawu ena sapezeka m'dikishonale mpaka utawatchula mokweza. M'bukumo mitu yaitali ya banja la a Joad imasinthana ndi mitu yaifupi yofotokoza za anthu onse osamukawo. Owerenga ambiri amadumpha yaifupiyo pothamangira nkhani, koma asadumphe mutu 5, momwe tenanti akufunsa woyendetsa thirakitala kuti awombere ndani poti aliyense akuti watumidwa ndi banki, ndi mutu 25, momwe malalanje akuthiridwa palafini kuti mtengo usatsike, anthu anjala akuonerera. East of Eden, la masamba pafupifupi 600, lomangidwa pa nkhani ya Kaini ndi Abele, likhale lomaliza.